Mpendero wa Chofunda cha Adadi

Adadi anatuluka kundende ndi chifuwa komanso kuzizidwa kosatha. Ngakhale mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anthu a ku Bangwe akulimbirana mthunzi wa mango, iwo ankakhala atavala juzi, manja atawapana m'khwapa. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri, mwana woyamba m'nyumbamo, wogulitsa tomato ndi anyezi pamsika, ndipo mkwiyo umene ndinali nawo unali wokwanira banja lonse.

Mlandu wawo ndiufotokoze, chifukwa ana a masiku ano ndikawauza amaseka, kuyesa ndikucheza. Adadi anali telala wa pakhonde pa sitolo ina ku Limbe. Nthawi ya chipani chimodzi mayi aliyense ankayenera kukhala ndi nsalu ya chipani yovala kokavina, ndipo pansaluyo panali nkhope ya mkulu wa dziko malo angapo, iliyonse kukula kwake ngati mbale. Telala aliyense ankadziwa lamulo limene silinalembedwe paliponse. Sizasi isadutse pankhope, msoko usadye nkhope, ndiponso nkhope isagwere pamene munthu amakhalira.

Ndiye kunabwera mayi wina wa mu laini yathu yomwe, nyumba yachinayi kuchokera pathu, amene anali wapampando wa amayi a chipani m'dera lathulo. Tonse tinkangoti mayi tcheya. Anali munthu wathupi, ndipo nsalu imene anabweretsa inali yoperewera. Adadi anawauza kuti awonjezere ina. Iwo anati telala wodziwa ntchito sapempha nsalu yowonjezera, ndipo diresilo ankalifuna pofika Lachisanu. Adadi analimbana nalo, kutembenuza uku ndi uku. Kutsogolo nkhope inakhala bwinobwino, koma kumsana msoko unadya mphuno ndi theka la pakamwa. Tsiku lovina amayi a mzere wa kumbuyo anaona, wina analephera kudzigwira n'kuseka. Mayi tcheya anachita manyazi, ndipo anafuna munthu womusenzetsa manyaziwo. Lolemba lake galimoto inaima pakhonde paja n'kutenga adadi pamodzi ndi makina awo. M'khoti sanapondemo. Anakhala m'kati zaka zinayi, mpaka pamene nkhani za matipate zinayamba kutentha ndipo anthu otere anayamba kuwatulutsa.

Makina sanabwerenso. Zimene zinatipeza ndi thumba la zidutswa za nsalu ndi sizasi yawo yaikulu yakuda, zimene telala mnzawo wachiyao wa khonde lomwelo anabisa tsiku lija n'kudzatipatsira patapita sabata. Thumbalo linakhala kunsi kwa bedi zaka zonsezo. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, chifukwa mutu ukakula sulewa nkhonya.

Atabwera adadi, anthu anasangalala, ena anayambanso kubweretsa ntchito. Wina buluku long'ambika pabondo, wina yunifomu ya mwana yofuna kufutukula. Iwo ankayankhira m'nyumba momwemo, osatuluka.

"Telala wake anasamuka, mayi. Pepani."

Ngakhale batani la malaya awo likathothoka, ankawapatsira amayi. Sizasi ija ikakhala patebulo ankadutsa chapatali. Pakhonde sankakhalapo masana. Malo awo anali pampando wa kuseri kwa chitseko, msana utatsamira khoma, Baibulo lili pamiyendo. Anthu amati wolumidwa ndi chakuda amaopa khala, ndipo ine ndinkamvetsa, koma kumvetsako sikunkandichepetsera ukali. Bambo amene ndinkawadziwa ine anali woimba likhweru, maphini ali pakamwa, wotha kukuyang'ana kamodzi n'kudziwa muyeso wa m'chiuno mwako, wosalola msoko wokhota kutuluka pakhonde pawo. Amenewo ndi amene ndinkawafuna. Thupi linali litabwera, koma munthuyo sanabwere, ndipo ndinkaopa kuti tidzaika m'manda mlendo wa kuseri kwa chitsekoyu, bambo anga enieni ndisanawaonenso.

Chaka chimene tinavota kusankha matipate, chisanu chinabwera mwankhanza. Chiperoni chinkaphimba phiri la Bangwe masiku atatu osalekeza, kamvula kowaza kaja kosanyowetsa nthaka koma kolowa m'mafupa. Bulangeti la adadi linali lothetheka moti ukalitambasula kudzuwa unkaona nyumba za kutsidya. Ankatsokomola mpaka oyandikana nawo khoma kugogoda kufunsa ngati kuli bwino.

Tsiku lina ndinakoka thumba lija kunsi kwa bedi n'kulikhuthulira pamphasa. Munali moyo wonse wa khonde la ku Limbe: kaki wa makabudula a sukulu, zotsalira za masuti a makalaliki, kansalu konyezimira ka diresi la ukwati wa munthu wosamudziwa, zitenje za mitundu yonse. Ndinadula kachidutswa ka katoni kofanana mbali zonse, kukula ngati chikhatho, n'kuyamba kudulira zigamba pamenepo. Kusoka ndinkakudziwa pang'ono, kongoonera. Ndinkasoka pamanja, pamsika ndikamadikira ogula, ndi madzulo pakhonde dzuwa lisanalowe. Anzanga a tomato ankandiseka kuti ndikusoka mbendera ya chipani changachanga. Ndinkawauza kuti akafuna khadi abwere, kwanga sitikakamiza.

Zinanditengera masabata asanu. Nditalumikiza zigamba zonse, ndinayala pansi nsalu ya pabedi ya pakaunjika, pamwamba pake bulangeti lakale lija, kenaka zigambazo, n'kusoka mizere yodutsa zitatu zonse kuti zigwirane. Nthawi yonseyi adadi anali kuseri kwa chitseko chotsegula. Koma tsamba la Baibulo linali lomwe lija kuyambira masana mpaka madzulo.

Pakati panatha, vuto linatsala m'mbali. Nsalu zitatuzo zinali yasa ngati kamwa la nsapato yakutha, bulangeti likutulutsa ubweya, zigamba za kumapeto zikuyamba kusosoka ulusi. Chofunda chopanda mpendero sichichapika. Ukangochiviika kamodzi m'beseni, chimayamba kumasuka kuchokera m'mphepete mpaka ntchito yonse yapita. Pankafunika nsalu yaitali ndi yolimba yoti ndidule malamba, ndikutire nawo mbali zonse zinayi. M'thumba munatsala tizidutswa tosakwana ndi chala chomwe. Ndisaname, kugula nsalu ina ndikanatha kuyesetsa. Koma maso anga anali atagwera kale pa bokosi lamalata la amayi.

M'bokosimo munali nsalu za chipani zitatu, zochapa, zosita, zopinda bwino. Zaka zinayi zija amayi anavina kuposa mayi aliyense mu laini yathu. Kukalengezedwa kuti amayi akwere malole, iwo ankakhala oyamba kufika, kumakaimba mzere umodzi ndi munthu amene anamangitsa mwamuna wawo. Zimenezi zinkandinyansa, ndipo ndinali ndisanawakhululukire.

"Amayi, nsalu zija mundipatseko imodzi."

"Nsalu ziti?"

"Zovinira zija. Ndikufuna mpendero."

Anasiya kupeta mpunga n'kundiyang'ana. "Wapenga iwe? Mwangovota basi, boma silinasinthe. Amene anatenga bambo ako akadali m'maofesi momwemo. Anyamata a malaya ofiira sukuwaona mumsikamu?"

"Ndiye muzisunga mpaka liti? Mukufuna tidzakufunditseni zomwezo tsiku lokuikani?"

Lichero linagwa pansi, mpunga n'kumwazika. Sanandimenye, ngakhale ndinayenera kumenyedwa. Anangoti, motsitsa mawu kuti adadi asamve, "Ukuyesa ndinkavina chifukwa chokondwa? Ndinkavina kuti alandilodi asatithamangitse, kuti iwe ndi azing'ono ako musatchedwe ana a chigawenga. Miyendo iyi ndi imene inakusungani m'nyumba muno. Lero wakula, wayamba kundiweruza."

Mawu amenewa anandilasa, ndipo ndinatola mpunga wonse pansi mmodzimmodzi. Koma m'mawa mwake, iwo atapita kuchigayo, ndinatsegula bokosi n'kutenga nsalu ya pamwamba.

Ndikanatha kudulira kuchipinda. Sindinafune. Mpopi wa laini yathu unali moyang'anizana ndi khonde lathu, ndipo m'mawa madzi akamatuluka pankakhala mzere wa ndowa ndi amayi ake. Ndinayala mphasa pakhonde, n'kutambasula nsaluyo nkhope zikuyang'ana kumwamba, n'kutulutsa sizasi ya adadi. Sizasi imeneyo inali ndi kulira kwake, kolemera, komveka patali. Nditadula lamba woyamba, macheza a pampopi anazima. Kunangotsala phokoso la madzi akugwera m'ndowa.

Mayi tcheya anali wachitatu pamzere. Anabwera n'kuima pafupi ndi mphasa, manja m'chiuno.

"Iwe mtsikana, ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndikudula nsalu, amayi."

"Nsalu imeneyo si yodula."

"Nanga diresi lanu lija analisoka osadula?"

Wina pamzere paja anatsokomola chitsokomolo chobisira chiseko. Mayi tcheya anatembenuka kuti aone amene watero, koma aliyense anali atagwidwa ndi chidwi chachikulu ndi ndowa yake.

"Pakamwa pako padzakupweteketsa," anatero. "Magazi ake ndi omwewo."

"Pitani mukanene, amayi. Njira mukuidziwa, si munaiyendapo kale? Minibasi zayamba kale kuyenda, mukafika ofesi asanatseke."

Anasenza ndowa yawo isanadzaze n'kumapita. Chaka chotsatira mayi yemweyu ndinamuona atamanga nsalu ya chipani chatsopano, akuvina kutsogolo ngati kale, koma imeneyo ndi nkhani ina. M'mawa umenewo ine ndinkadzimva kutalika. Ndinamaliza kudula malamba anga, n'kupinda nsalu yotsala, n'kulowa m'nyumba ndikuyembekeza kuti mwina adadi amwetulira.

Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi. Anali atavala malaya awiri, juzi, jekete, masokosi ndi nsapato zomanga zingwe. M'thumba la jekete munkaoneka kasopo kokulunga m'pepala. Anali atamva zonse. Ulendo woyamba anawatenga atavala malaya a manja aafupi ndi nkhwaira, ndiye ulendo uno anafuna kuti awapeze okonzeka. Sanandikalipire, sanandiyang'ane n'komwe. Maso anali pachitseko.

Amayi atabwerako kuchigayo anatula ufa, anaona mwamuna wawo, anaona malamba ali m'manja mwanga.

"Mtima wako wakhala pansi tsopano?" anandifunsa.

Adadi anakhala choncho masiku atatu. Nsapato sanavule. Chakudya ankangochigwira pang'ono n'kukankha mbale. Galimoto ikamveka kumsewu ankaimirira, n'kukhalanso ikadutsa. Ine ndinkapita kuseri kwa bafa kukalira, chifukwa munthu amene ndinkafuna kumubweza ndi amene ndinamukankhiranso m'kati ndi pakamwa pangapa. Amayi anandiuza kuti nditenthe malambawo pambaula, ndipite ndikapepese kwa mayi tcheya. Ndinakana. Ndinawauza kuti ndikapepesa ndiye kuti tavomera kuti adadi analakwadi, kuti zaka zinayi zija zinali zowayenera. Ngati galimoto ikubwera, ibwere idzatenge ine. Ndinkalankhula molimba, koma nanenso galimoto iliyonse ndinkaimvetsera.

Palibe anabwera.

Tsiku lachinayi sindinapite kumsika. Ndinatulutsa chofunda pakhonde n'kuyamba kuika mpendero. Malamba anga anali aafupiafupi, ndiye ndinawalumikiza kaye kuti akhale chingwe chimodzi chachitali, ndipo polumikizira paliponse panatupa. Ndinati zilibe kanthu. Ndinakuta mbali yoyamba, kusoka kutsogolo, kupindira kumbuyo, kusokanso. Inaoneka ngati mpendero ndithu. Kenaka ndinafika pangodya.

Ndinayesa kukhotetsa lambayo kuti azungulire, nsalu inaunjikana n'kuimirira ngati khutu la mbuzi. Ndinamasula. Ndinayesa kudula pamenepo kuti ndiyambe mbali inayo payokha n'kusanjikiza, pansonga panatsala bowo, bulangeti likusuzumira. Ndinamasulanso. Ulendo wachitatu ndinakoka ulusi mwaukali, lamba n'kung'ambika, singano n'kundibaya pansi pa chikhadabo. Ndinaponya chofunda chonsecho pamphasa, ndipo mawu amene ndinanena si oti mwana wa mkulu wa mpingo ngati ine n'kuwalemba m'buku.

"Tabweretsa kuno."

Anali adadi, ataima pakhomo, nsapato zili kuphazi, jekete lili m'thupi. Anali mawu oyamba kundilankhula kuyambira tsiku la pampopi. Ndinanyamula chofunda kuti ndilowe nacho, koma m'nyumba munali kamdima ka chiperoni, ndipo telala saonera ntchito mumdima. Anayang'ana kumsewu, uku ndi uku, n'kutuluka. Anakhala pamphasa, pakhonde, masana.

Anayendetsa chala chachikulu pampendero wanga kuyambira poyambira. Pa chotupa chilichonse ankaima, n'kupukusa mutu.

"Majoini onsewa ndi a chiyani? Nsalu inali yochepa?"

"Ayi, inali yathunthu."

"Yotsalayo ili kuti?"

Ndinakaitenga. Anaigwira m'makona awiri n'kuikutumula kuti itambasuke. Nsaluyo inali itasanduka zinthu zolendewera. Ndinali nditadula m'mphepete monse, ndi timipata tonse ta pakati, koma nkhope zonse zinali zathunthu, iliyonse pa kachilumba kake, yosakhudzidwa ndi khutu lomwe. Adadi anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka m'khosi mwawo munatuluka kaphokoso kamene poyamba ndinayesa chifuwa chija.

"Phokoso lonse lija pampopi," anatero, "Bangwe yense kumva kuti mwana wa telala ndi dolo. Koma sizasi yako yayenda mozemba ngati mwana wochedwa kusukulu. Taona wekha. Palibe nkhope wakhudzapo."

Ndinayang'ana, ndipo zinali zoona. Sindinachite dala. Sindikumbuka n'komwe kuganiza kuti apa ndilambalale. Dzanja linkangokhota lokha likafika pafupi, ndipo n'chifukwa chake malamba anga anatuluka aafupiafupi. Ine amene ndinkaweruza amayi chifukwa chovina, ndi kukwiyira adadi chifukwa chobisala kuseri kwa chitseko, mantha omwewo ndinali nawo m'zala. Manyazi amene ndinachita pamenepo sindinawachitepo chibadwire.

"Chachiwiri, wadula sitireti," anapitiriza, mawu atasintha, atakhala a pakhonde la ku Limbe aja. "Ukadula motsata ulusi, ulusi umodzi ndi umene umagona pamphepete ponse. Ukangotha umenewo, mpendero wonse wang'ambika tsiku limodzi. Mpendero wa chinthu chofunda tsiku ndi tsiku timadula bayasi." Anajambula ndi chala pamphasa mzere wopingasa, wochokera ngodya ina kupita ku inzake ya kutsidya. "Choncho. Ulusi wambiri umagawana ntchito, komanso nsalu imamvera ukamaikhotetsa."

Anasiya chala pamenepo. Tonse awiri tinkadziwa kuti mzere wotere ulibe kolambalala.

"Katenge ina," anatero.

"Ina chiyani, adadi?"

"Nsalu. Iyi waiwononga. Mayi ako ali nazo zina ziwiri."

Ndisanadzuke, ndinaona kuti amayi aima pakhomo, sindikudziwa kuyambira nthawi yanji. Anayang'ana mwamuna wawo, iwo osayang'ana kumbuyo. Ndinayesa ayamba kulira kapena kukalipa. Analowa m'nyumba, ndinamva chivindikiro cha bokosi lamalata chikulira, ndipo anatuluka ndi nsalu n'kuiika pamphasa. Kenaka anapita kumbaula kukaika makala m'simbi.

Adadi anatambasula nsaluyo, n'kutenga ngodya imodzi kuipindira kumbali ya kutsidya, n'kukanda mpindirowo ndi chikhadabo kuti usiye mzere. Atafutukula, mzerewo unali utadutsa pankhope ziwiri, ina kuchokera pakhutu kutsikira pachibwano. Choko panalibe, anatulutsa kasopo kaja m'thumba la jekete n'kulemba nako mizere ina motsatira woyambawo, motalikirana zala zinayi. Kenaka anatambasula dzanja, ine n'kuikamo sizasi.

Dzanjalo linkanjenjemera moti zitsulo ziwiri za sizasi zinkagundana. Anayamba kudula kuchokera m'mphepete, pang'onopang'ono, mpaka nsonga inafika pamene nkhope yoyamba inkayambira. Pamenepo anaima. Thukuta linatuluka pamphumi, kunja kukuzizira choncho. Ndinaona kuti akupuma ndi pakamwa.

"Adadi, bweretsani ndidule ine."

"Gwira nsalu iwe. Usandiphunzitse ntchito."

Ndinagwira mbali yanga n'kukoka kuti ilimbe. Anatsegula sizasi yonse, mpaka kukhosi kwake, n'kutseka. Anatsegulanso, n'kutsekanso. Sanatsinzine, chifukwa ankatsata mzere wa sopo. Atatulukira mbali inayo anaika sizasi pansi n'kupukuta manja pabuluku. Ananyamula lamba woyambayo n'kumuyang'ana m'litali mwake ndi diso limodzi.

"Wakhota," anatero. "Taona zimene andichita manja anthu amenewa."

Anadula wachiwiri, wachitatu, mpaka nsalu inatha. Kunjenjemerako sikunasiye, koma sanaimenso panjira. Ali pakati pa ntchitoyo mayi tcheya anatulukira kuchokera kumsika, jumbo ya ndiwo ili m'manja. Njira ya kwawo inali yodutsa pakhonde pathu. Atafika pafupi anachepetsa mayendedwe, maso ali pa malamba amene anali pamphasa, pena diso, pena chidutswa cha chipumi. Ine ndinali nditakonza kale mawu. Adadi anandigwira pabondo kuti nditseke pakamwa, n'kukweza mutu, sizasi ili m'manja.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Mayiyo anasamutsira jumbo m'dzanja linalo. "Ndaswera, kaya inu abambo."

"Taswera. Tili pa kantchito pang'ono."

Anapita, ndipo adadi anabwerera pa mzere wawo.

Mpendero wanga uja anandimasulitsa wonse. Malamba atsopanowo anandionetsa kulumikiza mopingasa, kuti msoko usaunjikane pamalo amodzi, ndipo amayi ankasita polumikizira paliponse mpaka pagone. Kenaka anapinda chingwe chonsecho pakati m'litali mwake n'kuchisitanso. Sitinayambire pangodya monga ndinachitira ine, tinayambira pakati pa mbali imodzi. Kulowetsa ulusi pasingano kunkawakanika, ndiye ndinkawalowetsera, iwo n'kumasoka.

Titayandikira ngodya yoyamba anandiuza kuti ndisendere pafupi.

"Pakona sathamangirapo. Umaima pasanafike, kusiya mpata wa chala chaching'ono ichi. Wamanga ulusi. Tsopano lambayu umamupindira m'mwamba, kumuchotsa pachofunda, apange mzere wopendekera. Wagwira ndi chala. Kenaka umamubwezanso pansi, agone motsata mbali inayi. Waona kakhutu kabisala m'katimu? Kameneka ndi chuma chako, usakadule. Ukamadzatembenuzira kumbuyo ndi kamene kadzaphimbe nsonga."

Anasoka mbali yachiwiriyo pang'ono, kenaka anatembenuzira mpendero kumbuyo kuti andionetse. Ngodya inatuluka yosongoka, yogona, yokhala ndi kamzere kamodzi kopendekera kutsogolo ndi kena kumbuyo, ngati envulopu. Anatseka timizereto ndi timisoko ting'onoting'ono tosaoneka. Ndinaigwira, ndinaikoka, sinasunthe.

Ngodya yachiwiri anandisiyira. Anaiyang'ana n'kundipatsa lezala kuti ndimasule. Ndinabwereza. Anandipatsanso lezala. Ndinawauza kuti chofundacho n'changa, ndasoka ndine masabata asanu, ndipo ngodya imeneyo ili bwino. Anati chofunda n'changa koma khonde ndi lawo, ndipo pakhonde pawo sipatuluka zinthu zotere. Tinakangana mpaka amayi anatuluka kudzatiuza kuti anthu akumva. Ulendo wachitatu anagwedeza mutu n'kunena kuti ngodya yachitatuyo ndipitirize ndekha.

Ntchitoyo inatitengera masiku awiri. Mpendero utapindidwa, nkhope sizinkadziwikanso bwinobwino. Unali mzere wa mitundu yosakanikirana wozungulira chofunda chonse, koma woudziwa ankatha kuloza kuti apa ndi khutu, apa ndi kolala ya jekete. Ndisaname kuti adadi anachira. Chifuwa sichinawasiye, manja sanasiye kunjenjemera, ku Limbe sanabwererenso, ndipo mpaka tsiku lawo lomaliza galimoto yoima mwadzidzidzi inkawadulitsa nkhani pakati. Koma Loweruka limenelo, dzuwa litapendeka, analuma ulusi womaliza pa ngodya yachinayi, n'kubaya singano pakolala monga ankachitira kale. Ananyamula chofunda n'kulowa nacho kuchipinda, ife tikuwatsata. Anakhala pabedi, anamasula zingwe za nsapato, anavula jekete n'kulikoleka pamsomali. Anagona chagada n'kukoka chofundacho mpaka mpendero unafika pachibwano.

Amayi anaima kumiyendo kwa bedi, akupotokola nsonga ya chitenje chawo.

"Abambo, mupeza tulo zimenezi zili pakhosi panu?"

"Mwini nkhopeyu anandigoneka pasimenti zaka zinayi wopanda chofunda," anatero adadi. "Musiyeni naye agwireko ganyu. Azinditchingira mphepo."

Anatseka maso. Ine ndinayamba kutuluka monyang'ama, koma ndisanafike pachitseko anandiitana. Dzanja lawo linali likuyenda pamwamba pa zigamba, maso ali chitsekere.

"Iwe. Mzere wachitatuwu zigamba zake sizikukumana. Mawa ukachoka kutchalitchi timasula."

"Sindimasula, adadi."

"Umasula. Ubwere ndi ulusi wakuda, woyerawu ukuoneka."